Miyala imene apaulendo amaipatsa moni

Munthu akachoka pa Limbuli m'mamawa kulowera ku Muloza, maso ake amakhala pa zinthu zoyenda. Njinga zikubwera zitasenza matumba a chimanga cha ku Mozambique, anyamata a kabaza akulimbirana okwera, osintha ndalama agwira mipukutu ya makwacha m'manja, malole ali ndondondo kudikira mapepala. Ochepa okha ndi amene amakweza mutu. Koma mukawoloka mtsinje wa Muloza n'kuima pang'ono, mudzaona kuti mwaima pakati pa mapiri awiri. Kumbuyo kwanu kuli Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa imafika mamita 3,002. Kutsogolo kuli Tumbine, limene tauni ya Milange inatsamira m'munsi mwake. Anthu a mbali zonse ziwiri amadzuka n'kugona akuyang'ana miyala, ndipo nkhani yathu ikuyambira pomwepo.

Pali alendo ena padziko pano amene amasunga ndalama chaka chonse kuti akaone miyala basi. Miyala yake ndi ija anthu akale anaisema, kuikoka mtunda wautali, n'kuiimika chilili. Wotchuka kwambiri mwa malo oterewa ndi Stonehenge ku England. Miyala yake ikuluikulu inaimikidwa zaka pafupifupi 4,500 zapitazo, ndipo umodzi umalemera matani ngati 25. Ina yocheperako inachokera ku mapiri a Preseli ku Wales, mtunda woposa makilomita 200. Ganizirani kukoka mwala kuchokera ku Muloza mpaka kupitirira Zomba, popanda ngolo, popanda lole, popanda chitsulo chilichonse. Ku Carnac m'dziko la France kuli miyala yoposa 3,000 yoimikidwa m'mizere ngati chimanga m'munda.

Ambiri amaganiza kuti zoterezi ndi za ku Ulaya kokha, pamene Africa ali ndi yake yambiri. M'mbali mwa mtsinje wa Gambia, m'maiko a Gambia ndi Senegal, muli mabwalo a miyala oposa 1,000. Malo anayi mwa amenewa, Wassu, Kerbatch, Sine Ngayène ndi Wanar, analowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Miyala yake ndi yofiira, yosemedwa ndi zida zachitsulo, ndipo pansi pa mabwalo ambiri panapezeka manda. Ku Tiya m'dziko la Ethiopia kuli miyala 36, yambiri yojambulidwa malupanga. Kufupi ndi nyanja ya Turkana ku Kenya, abusa a ziweto anaimika zipilala zamwala pa manda a anthu awo zaka pafupifupi 5,000 zapitazo, Stonehenge asanafike pa maonekedwe amene tikuwadziwa lero.

Akatswiri ofukula zakale amaganiza kuti ntchito yake inkayenda chonchi: kukumba dzenje lokhala ndi mbali imodzi yotsetsereka, kukokera mwala pamenepo ndi zingwe ndi mitengo, kuutsetsereka mpaka tsinde lake litalowa, kenako kuudzutsa pang'onopang'ono n'kutsendera miyala ing'onoing'ono m'mbali. Mutu umodzi susenza denga. Pamene paima mwala wotere, dziwani kuti panali mudzi wogwirizana, panali wophikira anthu ogwira ntchito, ndiponso panali chifukwa chachikulu chimene chinawachititsa kusiya minda yawo.

Tsono kwathu kuno bwanji? Mukayenda kuchokera ku Milange mpaka ku Blantyre simudzaona bwalo la miyala ngati la ku Wassu. Mlendo wofuna zimenezo akhoza kubwerera akunena kuti kuno kulibe kanthu, ndipo adzakhala atalakwa kwambiri. Makolo athu anaipeza miyala itaima kale, yaikulu kuposa imene munthu angadzutse. Chimene iwo anachita ndi kuipatsa maina, kuiikira malamulo, kuilemba, ndi kupita kwa iyo pa nthawi ya mavuto. Ine ndimaona kuti ntchito imeneyi si yochepa poyerekeza ndi ya okoka zingwe aja. Mwala umasanduka chikumbutso pamene anthu agwirizana kuti awa si malo wamba, ndipo kugwirizana kotere kumafuna mibadwo yambiri kuti kukhazikike.

Mwala wa Mthunzi

Chitsanzo chabwino chili m'mbali mwa msewu wa pakati pa Limbe ndi Thyolo, umene ambiri ochokera ku Muloza amadutsamo. Pamenepo pali Mwala wa Mthunzi. Poona ndi maso si mwala wodabwitsa, moti wokwera minibasi akhoza kuudutsa kakhumi osauzindikira. Koma akuluakulu a m'deralo amasimba kuti kale wapaulendo sankaudutsa chabe. Ankatola kamwala, n'kuzungulira mwalawo katatu akuugogoda, kenako n'kusiya kamwalako pomwepo kuti ulendo wake ukhale wabwino. Amasimbanso kuti pamene ankalambula msewu, ogwira ntchito anausuntha mwalawo, koma kutacha anaupeza utabwerera pamalo pake.

Kaya munthu akhulupirira za kubwererako kapena ayi, nkhaniyi ikunena chinthu choona. Msewu wa atsamunda unadza ndi mphamvu zake, minda ya tiyi inatenga malo a midzi, koma anthu anakana kuti mwala wawo uchoke m'maganizo mwawo. Ndipo taganizirani amene ankadutsa njira zimenezi. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 mpaka m'ma 1930, Alhomwe ambirimbiri anawoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za msonkho ndi ntchito yokakamiza, ena njala, n'kudzakhala pa minda ya azungu ku Mulanje ndi ku Thyolo kumene anakumananso ndi thangata. Munthu woyenda pansi masiku ambiri, mwana ali kumbuyo, mtolo uli pamutu, m'tchire muli zilombo, amafuna malo oti aimepo n'kupempha kuti akafike. Kugogoda mwala kunali kupemphera kwa munthu amene alibe kachisi pafupi.

Chimene chimandigwira mtima ndi chakuti ku Wassu, kutali ku Gambia, anthu ofika pa miyala ija amaikanso timiyala pamwamba pake akamapempha mwayi. Azulu a ku South Africa ali ndi milu ya miyala ya m'mbali mwa njira imene amaitcha isivivane, pomwe wodutsa aliyense amaponyapo wake. Anthu awa sanaphunzitsane. Ulendo ndiwo unawaphunzitsa onse mofanana.

Phiri lonse ngati kachisi

Mwala waukulu kuposa yonse m'dera lino ndi Mulanje lenilenilo. Akatswiri a miyala amati zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, mwala wosungunuka ndi moto unakwera kuchokera pansi pa dziko koma sunatulukire kunja. Unazizira momwemo n'kuuma gwa. M'kupita kwa nthawi mvula ndi mitsinje zinakokolola nthaka ndi miyala yofewa imene inaukuta, ndipo wolimbawo unatsala utaima wokha pakati pa chigwa. N'chifukwa chake Mulanje limangodzuka mwadzidzidzi pakati pa minda ya tiyi, makoma ake ali see, monga khoma la Chambe limene limaoneka bwino kuchokera ku Likhubula.

Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe okhala m'mphepete mwake amalidziwa phirili ngati mudzi wa mizimu. Dzina loti Sapitwa likunena lokha kuti kumeneko sikupitidwa. Ku Dziwe la Nkhalamba, pamwamba pa Likhubula, anthu ankapereka nsembe popempha mvula. Aliyense wokulira m'derali anamvapo lamulo lija lakuti ukapeza chakudya chokonzedwa kale m'phirimo, idya wekha mwakachetechete, usaitane mnzako. Mu July 2025 UNESCO inalemba Mulanje m'kaundula wake, ndipo chifukwa chachikulu chimene inaperekera ulemuwo ndi chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu ozungulira phirili. Kunena kwina, dziko lonse linavomereza zimene agogo athu ankanena kale, kuti phirili ndi malo opatulika. Alhomwe ali ndi phiri linanso lotere mkati mwa Zambezia, la Namuli kufupi ndi Gurué, limene amati ndiko kunachokera makolo awo. Achewa nawo amaloza ku Kaphirintiwa m'mapiri a Dzalanyama, kumene amati mapazi a anthu oyamba ndi a nyama anadinda pathanthwe lidakali lofewa.

Tisaiwale kuti ulemu umenewu uli ndi mantha mkati mwake, ndipo manthawo ali ndi chifukwa. Kuno miyala imayenda. Mu March 1991 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kusesa midzi ku Phalombe. Mu January 1998 mbali ya phiri la Tumbine inagumuka pambuyo pa mvula yamphamvu n'kupha anthu ambiri ku Milange. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anachitanso zomwezo ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, ndipo anthu oposa 1,000 m'Malawi anafa kapena kusowa. Anthu amati wadutsa Napolo. Wa sayansi adzakuuzani kuti nthaka ya pamalo otsetsereka ikakhuta madzi imalekana ndi thanthwe la pansi pake, makamaka pamene mitengo inadulidwa, ndipo imatsika pamodzi ndi miyala yonse imene inali pamwamba. Mukaona chimwala chachikulu ngati nyumba chili phee pakati pa munda wa nandolo, kutali ndi phiri, funsani eni mundawo. Nthawi zina adzakuuzani chaka chimene chinafika, ndi maina a anthu amene nyumba zawo zinali pamenepo. Pamalo otere musajambule zithunzi mukuseka. Kwa eni ake amenewo ndi manda.

Miyala yolembedwa

Pa phiri la Mikolongwe m'boma la Chiradzulu pali phanga lotchedwa Mwalawolemba, limene pakhoma pake pali zojambula zofiira zakalekale. Zojambula zotere zimapezeka m'malo ambiri m'Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Mozambique, koma kumene zinachuluka kwambiri ndi ku Chongoni m'boma la Dedza. Kumeneko kuli malo 127, ndipo analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Ena odziwika ndi Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi.

Mukafika pa phanga lotere, yambani mwakhala pansi kuti maso azolowere. Poyamba mudzangoona thanthwe lothimbirira. Kenako mudzayamba kuona mizere yofiira, timabwalo tina mkati mwa tinzake, tina tokhala ndi timizere totuluka m'mbali ngati dzuwa. Zofiirazi ndiye zakale kwambiri, ndipo amati anajambula ndi Akafula, amene ena amawatcha Abatwa, alenje ndi otola zipatso amene Achewa anawapeza m'dziko muno. Pamwamba pa zofiirazo nthawi zambiri pamakhala zoyera, zopakidwa ndi chala ndi dothi loyera. Izi ndi za Achewa. Zina zikuoneka ngati nyama yotambasula miyendo, yoonedwa kuchokera pamwamba, ndipo zimakhudzana ndi chinamwali cha atsikana. Zina ndi zilombo za gule wamkulu monga kasiyamaliro. Choncho khoma limodzi likhoza kusunga manja a mitundu iwiri ya anthu, olekana ndi zaka mazanamazana, amene onse anaona kuti malo oyenera kusungirapo chinsinsi chawo ndi omwewo. Katswiri wina wotchuka wofukula zakale, J. Desmond Clark, anakumba pansi pa phanga la ku Chencherere mu 1972 n'kupeza zida zamwala za anthu amene ankakhalamo.

Si mizere yonse ya pamwala imene inalembedwa ndi munthu. Panjira yopita ku Cape Maclear m'boma la Mangochi pali Mwala wa Mphini, wokhala ndi mizere yakuya yonga mphini zimene amayi akale ankatema kumaso. Akatswiri amati ndi ntchito ya dzuwa, mvula ndi nthawi. Koma amene anautcha dzinalo anaona nkhope ya munthu pamwalapo, ndipo kuyambira pamenepo unakhala mwala wa anthu.

Omanga ndi miyala analiponso m'chigawo chino cha Africa, kumwera kwa Zambezi makamaka. Ku Great Zimbabwe makoma ena amafika mamita 11, osanjidwa popanda matope kapena simenti, pakati pa zaka za m'ma 1100 ndi 1400, ndipo pamwamba pa makoma ena anaimikapo miyala yaitali yowongoka. Mozambique ali ndi malo a mtundu womwewo ku Manyikeni m'chigawo cha Inhambane, ndi ku Songo m'chigawo cha Tete. Wapaulendo wopita ku Harare kapena ku Johannesburg pa basi amadutsa m'dziko la omanga amenewa.

Pa malire athu ano, miyala yoimikidwa ndi manja imene mungaipeze ndi zipilala za malire. Zinabwera chifukwa cha pangano la pa 11 June 1891 pakati pa Britain ndi Portugal, limene linagawa dziko lino potsata mtsinje wa Ruo ndi malo ena, anthu okhalamo osafunsidwa. Kumene kulibe mtsinje anaika zipilala. Zinadula pakati pa minda, pakati pa mabanja, pakati pa mudzi ndi manda ake. Ndi zazing'ono pa msinkhu poyerekeza ndi miyala ina yonse imene tatchula, ndipo anthu a mbali ziwirizi akupitirizabe kukwatirana, kuikana maliro ndi kugulitsana chimanga modutsa pa izo.

Kafikidwe kake

Malo ambiri a kwathu kuno amene tatchulawa alibe mpanda, alibe chikwangwani, alibe wolipiritsa pakhomo. Ku Stonehenge alendo wamba anawaletsa kuyenda pakati pa miyala kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo amaionera patali. Kwathu mwala umatetezedwa ndi ulemu wa wofikayo basi. Choncho musalowe ngati mbuzi m'munda. Yambani mwaonekera kwa a mfumu kapena kwa mwini munda, nenani chimene mwadzera, pemphani munthu woti akuperekezeni, ndipo pobwerera mumuthokoze ndi kangachepe. Safunsa anadya phula. Wokuperekezaniyo ndi amene akudziwa pamene pali njuchi, pamene sapondapo ndi nsapato, ndi pamene mwamuna kapena mkazi saloledwa kufika. Mukapeza ufa, mikanda, kansalu kapena chikho patsinde pa mwala, zisiyeni momwemo, mwini wake anabwera ndi vuto lake. Zojambula musazikhudze, ndiponso musazithire madzi pofuna kuti zioneke bwino pachithunzi, chifukwa madzi ndi thukuta la m'manja zimafufuta utotowo. Nyengo yabwino ndi ya chilimwe, kuyambira May mpaka October, pamene matanthwe saterera ndipo mitsinje ndi yowolokeka. Pokwera Mulanje tengani wotsogolera wa m'deralo, poti chifunga cha chiperoni chimatseka njira mwadzidzidzi ndipo anthu asowapo m'phirimo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandipweteka nthawi zonse. Ndinafikapo pa phanga lina lokhala ndi zojambula zofiira, n'kupeza kuti pamwamba pake pomwe wina analembapo dzina lake ndi makala, wina ndi penti, pamodzi ndi chaka chimene anabwera. Pansi panali phulusa la moto, ndipo mwaye unali utadetsa theka la khomalo. Chojambula chimene chinapirira mvula ya zaka zosawerengeka chinawonongeka masana amodzi. Malamulo alipo. Malawi ali ndi lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale la 1990, ndipo Mozambique ali ndi lake la 1988. Koma lamulo silikhala kuphanga usiku. Palinso oswa miyala ya kwale, amene amasonkha moto pathanthwe kuti ling'ambike, n'kumaliphwanya ndi hamala kuti agulitse pa wilibala. Sindingawadzudzule mopepuka, chifukwa ndaona amayi atakhala padzuwa tsiku lonse, zala zili mabala okhaokha, kuti ana adye madzulo. Chofunika n'chakuti mudzi uzidziwa miyala imene ingaswedwe ndi imene singaswedwe, ndipo odziwa zimenezi ndi okalamba amene akutha mmodzimmodzi.

Tsiku lina, ndikuchokera ku Milange, ndinapatuka kukapempha madzi akumwa pamudzi wina wa m'munsi mwa phiri. Mayi wina wokalamba anali atayanika mphale pathanthwe lalikulu kuseri kwa nyumba yake. Ndinaona kuti thanthwelo linali ndi maenje angapo osalala, ozungulira motalikirako ngati mbale, ena akuya mpaka dzanja kulowa lonse.

"Agogo, maenjewa anakumba ndani?" ndinafunsa.

"Amenewa ndi mphero, mwanangu," anayankha akupitiriza kutakasa mphale yawo. "Amayi anga anawapeza, agogo anganso anawapeza. Ankaperapo mawere anthu amene analipo ife tisanabwere."

Ndinagwada n'kupisa dzanja m'dzenje limodzi. Munali mosalala ngati mkati mwa chikho, motentha ndi dzuwa. Kuti mwala wolimba chotere ukumbike mpaka pamenepo, panafunika manja a amayi ambiri, m'mawa uliwonse, kwa mibadwo ingapo. Ndinafunsa ngati oswa miyala sanabwerepo kudzapempha thanthwelo. Anati anabwera kawiri, ndipo kachiwiriko anabwera ndi ndalama m'manja.

"Ndinawauza kuti apite kumtsinje, miyala iliko yambiri. Pano ndiyanikapo chiyani mawa? Nanga eni akewo akabwera kudzaona, ndidzati mphero zawo ndinapita nazo kuti?"

Anatuma kamdzukulu kawo kukanditungira madzi. Kanabwera ndi chikho, kanagwada pondipatsa, kenako kanakakhala m'mphepete mwa thanthwelo n'kuyamba kusewera ndi timiyala, kakuponya kamodzikamodzi m'maenje aja.